Malalanje asanu m'chitenge chakuda

Mwamuna wanga atamwalira, abale ake anabwera ndi lole n'kutenga bedi, wailesi ndi makina osokera. Anandisiyira ana atatu, chipinda chimodzi ku George komponi mu Lusaka, ndi chitenge chakuda chimene anandimanga m'chiuno tsiku la maliro. Anati ndisachivule pamaso pa anthu mpaka chaka chitatha, adzandimasule okha. Zinali zaka zija tinkaima pamzere wa ufa kuyambira m'mawa, n'kubwerako dzuwa lili pamutu tili chimanjamanja.

Ntchito ndinaipeza pamzere womwewo. Amake Chanda, anansi anga amene ankasita zovala kunyumba ina m'tauni, anandiuza kuti abwana awo akufuna mayi wophika. Abwanawo anali ndi minibasi imodzi ndi boti limodzi. Ankatenga alendo akunja m'mahotela a mu Lusaka, kupita nawo kumtsinje wa Zambezi cha ku Chirundu kukaona nyama, kudya chamasana pamchenga, n'kubwerako tsiku lomwelo. Ine sukulu ndinalekeza giredi folo, ndipo ndinali ndisanalembedwepo ntchito. Mtsinje waukulu ndinali ndisanauonepo.

Katundu wanga anali mabokosi awiri a ayisi, mbaula, thumba la makala, mafulasiki anayi, tebulo lopinda ndi mabeseni awiri. Tikafika padoko ndinkapatsa alendo tiyi, masikono ndi malalanje. Akamaliza ankavala majekete oyandama, ife n'kulonga katundu m'boti.

Woyendetsa boti komanso wolongosolera alendo za nyama anali Ba Mudenda, munthu wobadwira kumtsinje komweko, wosalankhula zambiri. Tsiku loyamba anandiitana ndi dzina la mwana wanga Tisa, n'kundipatsa malamulo ali pantchito yomasula chingwe cha boti.

"Amake Tisa, osatsuka mbale m'mbali mwa madzi, ng'ona ikonda munthu wogwada. Madzi muzitunga muli m'boti, na ndowa ya chingwe. Malalanje yonse yotsala mu dilamu ija, na makoko yomwe."

Za ng'ona ndinamva. Za malalanje sananene chifukwa, ine sindinafunse. Ndinkaganiza kuti ndi lamulo la abwana loletsa antchito kuzolowera kutenga zotsala. Maulendo awiri oyamba ndinataya, mtima ukundipweteka.

Ulendo wachitatu tinali ndi alendo asanu ndi atatu. Anasiya malalanje asanu athunthu, osasenda. Mlungu umenewo mwana wanga wamng'ono, Dalitso, anali atangochira chikuku ndipo ankakana chakudya chilichonse. Ndinaima pamaso pa dilamu lija, ntchentche zikuuluka. Kenako ndinatembenukira kuseri kwa minibasi, n'kuwakulunga m'mphepete mwa chitenge chakuda, n'kumanga mfundo yolimba pamimba. Juzi yanga inaphimba zonse.

Tinayenda pamadzi pafupifupi ola limodzi. Ba Mudenda ankazimitsa injini pafupi ndi mvuu, alendo n'kumajambula. Masana tinakocheza pachisumbu chathu, pamchenga woyera wautali, kumtunda kwake kuli bango ndi mitengo. Alendo anavula nsapato n'kukhala pamipando. Ine ndinakoleza mbaula chapatali pang'ono kuti utsi usawavute, n'kuyamba kuwotcha nkhuku.

Sindinamve phazi lililonse. Ndinangomva alendo atasiya kulankhula. Nditadzutsa mutu, njovu yamphongo inali itatuluka m'bango, ikubwera pamchenga. Inadutsa mipando ya alendo osawayang'ana. Inadutsa tebulo la buledi ndi tomato. Inkabwera kwa ine, chitamba chili m'mwamba.

Foloko yotembenuzira nyama inali m'manja mwanga, sindinathe ngakhale kuitaya. Njovu inaima pafupi kwambiri moti ndinkaona matope ouma m'makwinya a mwendo wake. Chitamba chinatsika, chinanunkhiza mapewa anga, kenako chinafika pamimba. Mpweya wake unali wotentha kuposa wa mbaula.

Ba Mudenda analankhula motsitsa mawu, ngati akufunsa za tiyi.

"Amake Tisa, osathamanga. Muli na chani m'chiuno?"

"Malalanje."

"Masulani chitenge, muchiponye kutali. Pang'onopang'ono."

"Ni chakuda, Ba Mudenda. Sinifunika kuchotsa."

"Niziba. Bana banu bazasala na ndani? Masulani."

Mfundo ija ndinali nditaimanga kuti isamasuke panjira. Zala zanga zinkaterera ndi mafuta a nkhuku. Chitamba chinandikankha kamodzi, osati mwamphamvu, koma ndinabwerera m'mbuyo mpaka chidendene changa chinagunda mbaula n'kupsa. Sindinalire. Mfundo inamasuka, ndinaponya chitenge kumanzere, malalanje n'kugubuduka pamchenga.

Inawatola limodzilimodzi, onse asanu. Kenako inanyamula chitenge, kuchikutumula, n'kuchiponda ndi phazi lakutsogolo. Ba Mudenda anawomba m'manja kawiri n'kuilankhula m'Chitonga. Inaima kanthawi, n'kutembenuka, n'kulowa m'bango momwe inachokera.

Ndinatsala nditaima ndi diresi langa la maluwa, limene ndinali ndisanaoneke nalo pagulu chimwalirire mwamuna wanga. Apo m'pamene alendo anayamba kuwomba m'manja. Mayi wina anabwera kudzandikumbatira akuseka, akulankhula Chizungu chothamanga. Ba Mudenda anandimasulira nkhope ili gwaa: "Bafunsa ngati mumachita ivi ulendo uliwonse." Iwo ankaganiza kuti ndi chionetsero chimene tinawakonzera. Zimenezo zinandiopsa kuposa njovu ija.

Chakudya sitinadyere pamenepo. Tinalonga zonse mofulumira, alendo anadyera m'boti. Titafika padoko, Ba Mudenda anandiitanira kuseri kwa minibasi. Ndinkadziwa kuti ntchito yatha, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza kuti Amake Chanda ndikawayang'ana bwanji.

"Njovu imamva malalanje kuchokera kutali," anatero. "Ija manje yaziba kuti boti ibweretsa malalanje. Izabwera pa boti iliyonse. Ikazolowera, bazaiwombera. Pachisumbu paja sitizapitanso chaka chino."

Ndinawauza za Dalitso. Anayang'ana dilamu.

"Munalekera chani kunifunsa?"

Ndinati ndinkaopa kuti munthu wofunsafunsa salimba pantchito.

"Na ine sininakuuzeni chifukwa. Kwa abwana nizakamba vonse, vanu na vanga."

Anakanenadi. Abwana anandiimitsa maulendo awiri, koma sanandichotse. Tinasamukira pamchenga wina wakumunsi, wocheperako, wopanda mthunzi wabwino, ndipo nthawi iliyonse alendo akadandaula ndi dzuwa ndinkadziwa kuti ndi ine. Chitenge ndinachichapa, ndinasoka pong'ambika, n'kuchivala mpaka chaka chinakwana. Alamu anga atabwera kudzandimasula anafunsa za chigamba chija. Ndinawauza zoona, iwo sanakhulupirire.

Ntchitoyo ndinaigwira zaka zambiri, ndipo ndinaphunzitsa amayi ena amene ankabwera pambuyo panga, anjala ngati mmene ndinalili ine. Sindinapatsepo munthu lamulo osamuuza chifukwa chake, ndipo ndikapatsidwa lamulo ndimafunsa, ngakhale amene akulamula akwinye nkhope. Wofuna kutsutsa ndinkamuonetsa chipsera cha pachidendene.

Nditabwerera pantchito, ndinapeza Ba Mudenda atasintha kachitidwe. Malalanje otsala sankapitanso mu dilamu. Ankawatsekera m'bokosi la ayisi m'minibasi padoko, ndipo pobwerera ankandipatsa pamaso pa dalaivala. Tsiku loyamba analipo atatu. Dalitso anadya limodzi lonse yekha, madzi akuyenderera m'zigongono. Anandipatsa kachidutswa, ndinati ndakhuta. Mpaka lero ndimasendera adzukulu anga malalanje, koma fungo lake likandifika m'mphuno, ndimakumbukira njovu ija, ine osalawako.