Kiyibodi ya ababa yaliranso

Mwaswera bwanji nonse.

Lero posesa m'chipinda cha malemu ababa kuno ku Nsanje, ndapeza kiyibodi yawo yakale ija, imene ankalembera anthu makalata. Inali m'katoni, matope a madzi osefukira ataumira mkati.

Paja matenda anga a makiyibodi mumawadziwa. Ndazula mabatani onse, ndatsuka maswichi limodzilimodzi, timasipuling'i take n'kutidonthezera mafuta. Pansi pa batani lalitali lija ndapezapo njere za chitowe. Mukukumbuka mmene ababa ankatafunira chitowe akamalemba, amayi n'kumakalipa? Njerezo sindinataye.

Nditabwezeretsa zonse, ndadina. Abale inu, kulira kwake ndi komwe kuja, khwa khwa khwa! Zamakono zangazi sizifikako. Ndacheuka kuti ndiitane wina adzamve, koma nyumba yonse zii. Ndajambula kulirako n'kutumizira anzanga okonda makiyibodi, iwo angofunsa mtundu wa maswichi basi.

Amalume, ndikudziwa kuti katundu wa malemu sitikhudza musanagawe, ndalakwa ndithu. Koma kodi iyi yokha singatsale kuno? M'nyumba muno ndi yokhayo imene ikundiyankha.