Pansi pa Chikwama cha Mbewu

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera litasakanikirana ndi la nsalu yatsopano, ndiponso phazi lawo likupalasa makinawo pakhonde pathu ku Mtakataka. Ankasoka zikwama za m'manja ndi zidutswa za zitenje, amayi a pamsika n'kumagula. Kumene ankachedwera kunali pansi pa chikwama. Ankadula thumba lakale la feteleza, kulichapa, kulipinda pawiri, kuliika pakati pa nsalu, n'kusoka kuchokera ngodya ina kufika ina mopingasa ngati mtanda. M'ngodyamo ankabwerezamo ndi singano ya pamanja ndi ulusi wokhuthala. "Maluwa a chitenje ndi a maso," ankatero, "koma katundu amagona pansi."

Chaka chimene bambo anga anamwalira, ngakhale mpunga wambewu unaphikidwa pamaliro. Amalume a ku Golomoti anatumiza mawu kuti atisungira mbewu pang'ono, yomaliza imene anali nayo. Mvula inali itagwa kale, anzathu atafesa nazale zawo, ndipo mayi anafuna kunyamuka m'mawa womwewo ndi chikwama chimene agogo anali asanamalize. Agogo anakana. Mayi anadandaula kuti dzuwa likupita, kuti chikwama ndi chikwama basi. Agogo anaimitsa phazi, navula magalasi awo, nayang'ana mayi.

"Mwana wanga, iwe unali kumsana, sungakumbuke. Mayi ako ananyamula mbewu m'chikwama chatsopano chokongola. Msoko unatseguka pangodya iwo osadziwa, ndipo pofika kunyumba munatsala yodzaza dzanja. Chaka chimenecho tinaika mlongo wako m'manda."

Mayi anakhala pansi n'kuyamba kuwalowetsera ulusi m'singano.

Tinapita mawa lake pa njinga yobwereka, mayi akupalasa, ine ndili pakaliyala. Pobwera mvula inatipeza, njira n'kuterera, ndipo potsetsereka pena pafupi ndi kamtsinje njinga inatigwetsa. Chikwama chinandipulumuka m'manja n'kukhukhuluzika pamiyala mpaka m'mphepete mwa madzi. Mayi, bondo likutuluka magazi, anachithamangira chokwawa. Chitenje cha pansi chinali chitang'ambika, thumba loyera la feteleza likuonekera, koma msoko wa mtanda uja unali chigwirire. Anayendetsa chala m'ngodya zonse, nayang'ana pamiyala ponse, osapeza ndi kambewu kamodzi komwe. Anagwada m'matope momwemo atachikumbatira pachifuwa ngati khanda, ndipo ndinawamva akunena Atate Athu. Kanali koyamba kuwamva akupemphera chimwalirire bambo.

Titafika, agogo sanafunse za ulendo. Anatembenuza chikwamacho, nayang'anitsitsa pong'ambikapo, kenaka anavula chipewa. Atavalanso anangoti Mulungu ngwachifundo, ndipo anandituma kukatenga kachigamba. Mbewu ija tinafesa mochedwa, komabe inatidyetsa mpaka chaka china.

Agogo anagona kalekale, makina awo anapita kwa msuweni wanga. Chikwamacho ndikadali nacho, zogwirira ndinasinthapo, maluwa ake anafwifwa, koma pansi pake sindinasokeponso. Ndimanyamuliramo Baibulo popita kumapemphero a mphakati. Tikamawerenga za mneneri amene anadzudzula anthu oika malipiro awo m'thumba lobowoka, kapena za mbewu zogwera m'mbali mwa njira zimene mbalame zinatola, ine ndimaona bondo la mayi ndi matope aja. Pamenepo ndimagwira pangodya pa chikwama changa, chala chikumva ulusi wa agogo, n'kupempha chamumtima kuti Ambuye andisoke pansi, pamene anthu saona, kuti zimene anandisungitsa ndikafike nazo kwathu.