Manja Anga Anakana ku Crawley

Mdzukulu wanga wamkazi amaphunzira pa yunivesite ya ku Crawley, kuno kutsidya la nyanja kumene tikukhala. Tsiku lina ananditenga kuti ndikamumvere akulankhula pamaso pa anzake. Ine wa Sitandade 4 ndinavala jekete, n'kukadzikhazika kutsogolo ngati pulofesa.

Mwanayo pakamwa ndi katswiri, sindinganame. Ankatamanda atsogoleri a kwa azungu, aja ankabangula pa wailesi kuti chikomyunizimu chigwe, anthu apume. Atamaliza, holo yonse m'manja phwaphwaphwa! Ine manja ali pamaondo, phee.

Pobwerera, m'basi ya pa Stirling Highway, anandiyang'ana maso ali psuu. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chizungu cha m'mphuno cha kunochi. Anafunsa chifukwa chake ine ndekha sindinamuombere.

"Nyamakazi, mayi," ndinatero.

"Agogo, musaname. Dzulo mumamenya makhadi ndi anzanu a ku Zambia aja mpaka tebulo kulira."

Anandigwira. Ndiye ndinamuuza.

Kwathu, nthawi ya chipani chimodzi, kunabwera mlendo wamkulu wochokera kunja. Anatisonkhanitsa kubwalo la ndege, dzuwa likuswa mtengo. Mlendoyo anati dziko lathu ndi mpanda wolimba wotchinga chikomyunizimu. Chinthucho palibe anachionapo, ine ndinkayesa matenda a ng'ombe. Komabe tinaomba mpaka zikhatho kutentha.

Achimwene anga okha sanaombe. Anali okonza njinga, ndipo sipoko inali itawabaya, dzanja litatupa ngati papaya. Anyamata achipani anaona. Anakumbukiranso kuti achimwenewo anakagwirako ntchito ku Tanzania, dziko lomwe ankati limagwirizana ndi achikomyunizimu. Basi, mkomyunisiti wapezeka! Anawaponya m'galimoto, girisi akadali m'zikhadabo. Sitinawaonenso.

Mlendo uja anakwera ndege yake kukalandira ulemu kwawo. Thandizo linapitiriza kubwera, ndende n'kumadzaza. Mayi athu anamwalira akutsukabe mbale ya achimwene. Khoma lija la achikomyunizimu ku Ulaya litagwa, m'pamene azunguwo anadzidzimuka: "Ha! Kodi ku Malawi kulibe ufulu?" Ngati sankadziwa.

Mwana anapinda pepala la mawu ake aja, n'kuliika pamiyendo.

"Manda awo ali kuti?" Ulendo uno anafunsa m'Chichewa, chopindika koma chomveka.

"Kulibe, mayi. Ngakhale malaya awo sanatibwezere."

Basi inapitirira poti titsike, ife osadzuka. Anagwira dzanja langa, kulitembenuza, kuliyang'ana.

"Agogo, dzina lawo anali ndani?"

Ndinalitchula. Chifikireni m'dziko lino ndinali ndisanalitulutsepo pakamwa. Iye analibwereza, n'kulibwerezanso, kufikira atalitchula bwino.