Bambo Anga, Pulezidenti Wawo ndi Katoni ya Mabuku pa Tsangano

Ntchito yanga ya uphunzitsi ndinaipeza chifukwa cha a Pulezidenti omwe pambuyo pake ndinadzawadandaula kwambiri. Zipani zambiri zitayamba, boma linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ndipo ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Aphunzitsi anachepa. Ife amene tinkangokhala pakhomo ndi satifiketi za ku sekondale anatiitana, anatiphunzitsa kwa milungu ingapo, n'kutipatsa choko. Ine ananditumiza pasukulu ina kufupi ndi kwathu ku Tsangano. Ndinali mtsikana wosakwatiwa, ndipo ndinkagonera kwa makolo.

Bambo anga anali mlimi wa kachewere, komanso tcheyamani wa nthambi ya chipani cholamula m'dera lathu. A Pulezidenti ankawakonda ndi mtima wonse, ndipo chifukwa chake chinalipo. M'masiku a chipani chimodzi mng'ono wawo anatengedwa atangodandaula pamowa za khadi la chipani. Anabwerako patapita zaka, khutu limodzi lisakumva, ndipo sanakhalitse. Kwa bambo, munthu amene anathetsa masiku amenewo sakanalakwa. A Pulezidenti atadzachititsa msonkhano ku boma la Ntcheu, bambo anavala zikopa, anatenga chishango n'kukavina ngoma mzere woyamba. Anabwerako mawu atasasa, akusimba kuti anafuula "Bayethe!" mpaka a Pulezidenti anawacheukira. Mayi anga anangoti, "Paja mawu amenewo si a inkosi yokha?" Bambo anachita ngati sanamve.

Ine chikondi changa chinkatha pang'onopang'ono. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa bulugamu. Amene amadziwa chisanu cha ku Tsangano mwezi wa Juni amvetsa. Nkhungu inkatipeza pomwepo, ana atakhala pamiyala, zala zitauma moti pensulo inkagwa yokha. Midadada ya makalasi yomwe boma linalonjeza sinabwere, mabuku anabwera ochepa, ndipo chaka ndi chaka ana ankafika Sitandade 4 asakutha kulemba dzina lawo. Kuchipatala chathu chaching'ono ankakulembera mankhwala n'kukuuza kuti ukagule kugolosale. Koma ukatsegula wailesi, a Pulezidenti anali paulendo, kapena anali pamsonkhano akugawa ndalama kwa ovina. Zinkandipweteka kuti munthu amene anatimasula pakamwa ankaoneka kuti akufuna pakamwapo tizingoimbira nyimbo.

Pamsika wa Tsangano panali golosale ya mayi ena achisilamu, amasiye, omwe banja lawo linabwera kale kudzachita malonda. Ankagulitsa sopo, mchere, parafini ndi zitenje. Tsiku lina nditaweruka ndinapitako kukagula mchere.

"Aphunzitsi, nkhope imeneyo yatani lero?" anandifunsa.

"Ndatopa mayi. Ndimaphunzitsa ana kuwerenga popanda choti awerenge."

"Nanga inuyo mumawerenga?"

"Ndimawerenga makope a ana."

Anaseka, anawerama kuseri kwa kauntala n'kukoka katoni ya sopo. Munali mabuku. Mwana wawo wamkulu ankagwira ntchito ku Blantyre, ndipo ankati akamaliza buku amalitumiza limodzi ndi katundu wa m'golosale. Ena anali a Chichewa, ena a Chingerezi, ambiri anali atangotuluka m'zaka zomwezo, pamene anthu anayamba kulemba zomwe kale ankangonong'ona.

"Tengani limodzi," anatero. "Lamulo ndi loti mukamabweza mundiuze zomwe mwapezamo. Ine maso a Chingerezi ndi ofooka, ndiye mwana wanga amandisimbira akabwera. Inu mundisimbirenso, ndione ngati sandinamiza."

Loyamba limene anandisankhira linali kabuku kopyapyala kofotokoza malamulo aakulu a dziko m'Chichewa chosavuta. Ndinkaganiza kuti kandigonetsa tulo. Koma m'menemo ndinapeza chinthu chomwe sindinachiganizepo bwino: kuti pulezidenti amalembedwa ntchito ndi ife, ndipo ntchitoyo ili ndi malire ake ndi nthawi yake. Nditakabweza ndinawauza mayi aja zimenezi.

"Ndi waganyu basi," anatero akuyeza mchere. "Waganyu wabwino mumamuthokoza, koma mizere mumakaiyenderabe."

Mawu amenewa ndinapita nawo kunyumba, ndipo ndinawalankhula pamalo olakwika. Bambo anali pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, akusimba za msonkhano wachipani. Ine ndinangoti, "Bambo, waganyu wanu ameneyu mizere akupotoza."

Anaika kachewere pansi. "Waganyu ndani?"

"A Pulezidenti."

"Iwe, mbale imene ukudyerayo anakupatsa ndani? Ukanakhala ukupalira kumunda. Lero wagwira choko ndiye wayamba kutukwana?"

"Sindikutukwana. Ndikunena zomwe ndikuona. Bwerani mudzaone kalasi yanga."

"Bambo ako aang'ono anafera pakamwa pomwepo. Amene anatitulutsa m'zimenezo ndiye ukumutcha waganyu?"

Kwa milungu ingapo tinkangopatsana moni. Mayi anga ndiwo ankanyamula mawu pakati pathu.

Zinthu zinasintha ndi dzinja lotsatira. Bambo anasonkhana ndi anzawo n'kubwereka lole yoti itengere kachewere ku msewu waukulu. Msewu wathu wafumbi, umene unalonjezedwa pa msonkhano uliwonse, unali utasanduka phala. Lole inatitimira pachitunda china n'kukhala pomwepo masiku. Kachewere wambiri anaola m'matumba. Pokankha loleyo bambo anaterereka, mwendo unathyoka, ndipo anabwera nawo kunyumba pa ngolo.

Munthu wozolowera khasu kumukhazika pampando ndi chilango. Ankakhala padzuwa kuseri kwa nyumba, mwendo uli pachitsa, akukalipira nkhuku. Ndinawafotokozera mayi a pagolosale, ndipo anafufuza m'katoni muja.

"Yambani ndi ili," anatero. "Mulibe ndale. Munthu wokwiya simumuyamba ndi tsabola."

Linali buku la mlangizi wina wa zaulimi, lonena za manyowa ndi kasamalidwe ka nthaka m'malo otsetsereka. Ndikaweruka ndinkakhala pamphasa pambali pawo n'kumawerenga mokweza, ngati ndikudziwerengera ndekha. Tsiku loyamba anangopitiriza kukalipira nkhuku. Tsiku lachiwiri anati, "Ameneyo sanalimepo kuno. Mizere yotero mvula ya kuno ingaikokolole." Tsiku lachitatu anandiuza kuti ndibwereze za kapangidwe ka manyowa a m'dzenje. Buku limenelo ndimalimbikitsabe alimi kuliwerenga, ngakhale bambo ananena zoona pa za mizere.

Kenako ndinabweretsa nthano yaitali yolembedwa ndi mayi wa dziko lina la muno mu Africa, ya mkazi wogulitsa tomato amene mwamuna wake anasankhidwa kukhala phungu n'kuiwala njira ya kumsika. Ndinkawerenga Chingerezi n'kumamasulira. Bambo anaseka mpaka mwendo kupweteka, ndipo mayi anga ankasiya ntchito kudzamvera. Amene akufuna kumvetsa momwe udindo umasinthira munthu, popanda kumulalikira, apeze buku lotere. Limalowa mosavuta kuposa ulaliki wa ndale.

Lomaliza ndinazengereza nalo. Linalembedwa ndi mphunzitsi amene anakhala m'ndende popanda mlandu m'masiku a chipani chimodzi. Mayi a pagolosale anandichenjeza kuti ndi lolemera. Nditafika pamene akufotokoza za chitseko chachitsulo ndi chidebe chapakona, bambo anakweza dzanja kuti ndisiye. Kenako anayamba kusimba za mng'ono wawo zomwe sanatiuzepo: kuti atabwerako ankakana kukhala m'nyumba chitseko chili chotseka, ndiponso kuti tsiku limene ankamutenga, bambo anali pomwepo ndipo sanatsegule pakamwa.

"Ndinaimirira ngati mtengo," anatero. "Sabata yotsatira ndinakavina pa msonkhano wa omwe anamutengawo."

Chakumapeto kwa bukulo wolembayo sakuyamika atsogoleri atsopano monga bambo ankayembekezera. Mwachidule, ganizo lake ndi loti mtsogoleri wa masiku a chipani chimodzi sanabadwe woopsa, koma anthu anamukuza pomuombera m'manja, ndipo manja omwewo akhoza kukuza wina. Bambo anakwiya.

"Ameneyu ndi wosayamika. Anamutulutsa ndani?"

Ndinatseka buku. Mawa lake, ndisanakhale n'komwe pamphasa, anati, "Pajapa pa manja, tawerenganso."

Mwendo utayamba kupola, kunabwera uthenga woti a phungu athu adzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu, ndipo tcheyamani alankhule mawu olandira alendo. Masiku amenewo kunali manong'onong'o oti a Pulezidenti apitirire kulamula nthawi yawo ikatha, ndipo aliyense ankadziwa kuti msonkhanowo ndi wa zimenezo. Bambo sanandiuze zomwe akanene. Anangondipempha kuti ndiwasitire malaya.

Anthu anadzaza bwalo. Bambo anaimirira ndi ndodo yawo, anapereka ulemu kwa onse mwa dongosolo, n'kuyamba kuthokoza. Anathokoza chifukwa cha sukulu yaulere, anatchula kuti mwana wawo ali pantchito, anathokoza kuti lero munthu amamwa mowa wake osayang'ana kumbuyo. Anthu anaomba m'manja. Kenako analoza mtengo wa bulugamu uja.

"Olemekezeka, kalasi ya mwana wanga ndi iyo. Mwendo uwu wathyokera mumsewu umene munatilonjeza. Mukakafika mukawauze bwana kuti ife timawakonda, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Atimalizire zomwe anayamba m'nthawi imene tinawapatsa. Ikatha, akapume, tidzawavinira bwinobwino powatsanzika."

Anyamata achipani anayamba kukuwiza kuti akhale pansi. Wina anazimitsa chimkuzamawu. Koma kumbuyo, kumene kunakhala amayi, kunamveka nthungululu imodzi, kenako zambiri. Ndinacheuka n'kuona mayi a pagolosale ataimirira kutali pafupi ndi njinga, atafunda mpango wawo, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. A phungu anayankha mwaulemu kuti amva, ndipo nkhani imene anabwerera anangoikhudza pamwamba.

Mayi anga anachita mantha kwambiri. Anawalongedzera bambo bulangete ndi malaya m'thumba, kuti akabwera kudzawatenga asapite chimanjamanja. Galimoto iliyonse yodutsa inkatiimitsa mtima. Koma palibe anabwera. Patapita masiku, kalata inafika yoti utcheyamani apatsa wina, ndipo zinathera pomwepo. Bambo anamasula thumba lija okha, anapachika malaya pamsomali, n'kupita kukaona dzenje lawo la manyowa.

Ndikamaweruza ulamuliro wa a Pulezidenti amenewo lero, ndimayamba ndi zomwe sanachite bwino, chifukwa ndinaziona ndi maso. Anatsegula zitseko za sukulu asanakonze zoti ana akapezemo, ndipo ana ambiri amene ndinawaphunzitsa zaka zoyambazo anatuluka opanda kanthu. Anazoloweretsa anthu kutambasula dzanja pamsonkhano m'malo mofunsa za msewu, ndipo chizolowezi chimenecho sichinathe ndi iwo. Anamvera kwambiri owaimbira nyimbo. Komabe bambo anga anadzudzula boma pamaso pa phungu, masana, pabwalo lodzaza anthu, ndipo anakalamba pakhomo pawo. Zimenezo sizinachitike zokha. Mbali ina ndi ya a Pulezidentiwo, mbali ina ndi ya anthu amene anakana kubwerera m'mbuyo. Zoti apitirire kulamula zinakanika, ndipo nthawi yawo itatha anachokadi.

Chisankho chili pafupi, giledala inabwera n'kupala msewu wathu kufika pakati, kenako inabwerera. Anthu anaseka, koma pa msonkhano wotsatira amene anafunsa za theka lotsalalo anali munthu wina, osati bambo. Pa msonkhano wina amene anafunsa za mankhwala anali mayi wapabere, mwana ali kumsana. Makolo a pasukulu pathu anaumba njerwa, ndipo mdadada woyamba unamangidwa ine ndili pomwepo.

Bambo sanasiye kuwakonda a Pulezidenti awo. Chithunzi chinakhalabe pakhoma pabalaza, ndipo ankati ine ndimaonjeza podzudzula. Koma Loweruka lililonse masana ankatenga ndodo n'kutsetserekera kumsika, kukakhala pabenchi ya pakhonde la golosale. Kumeneko bambo, amene analinso mkulu wa mpingo, ankatsutsana ndi mayi achisilamu aja za buku limene ndawawerengera sabata imeneyo, ndipo ogula mchere ankachedwa kubwerera kwawo. Kabuku ka malamulo kaja nako ndinadzawawerengera. Mphunzitsi mnzanga anayamba kubwera, kenako telala wa pafupi, kenako wogula kachewere wina wa tsidya la Mozambique amene ankangofuna kumva mkangano.

Tsiku loponya voti tinapita limodzi m'mamawa, nkhungu isanachoke. Pamzere ndinawanong'oneza kuti, "Bambo, muvotera ndani?"

"Kabuku kako ka malamulo kaja kanati voti ndi chinsinsi," anatero, n'kusuntha ndi ndodo yawo kutsogolo.