Thukuta la Khofi wa Mai Lestina

Ku Khwethemule aliyense amamwa tiyi kupatula Mai Lestina. Iwowa anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka msana unakana, ndiye amati fungo la masamba aja linawakwana kalekale. Chakumwa chawo chinali khofi wa m'mitengo ingapo kuseri kwa nyumba. Mbande zake anabwera nazo ndi malemu amuna awo, a Overton, omwe ankagwira ntchito m'munda wa khofi pa esiteti yomweyo. Bambowo anapita, mitengo inatsala, ndipo mayiwa ankaisamala ngati ana.

Kakazingidwe kawo kanali kamodzi basi. Chiwaya chouma pa mbaula, njere zouma, mthiko m'manja, kutakasa mpaka njere zithetheke n'kuda bii. Khofi akapsa chonchi amatulutsa mafuta akeake, njere n'kumanyezimira ngati chipumi cha munthu wochokera kumunda. Mai Lestina ankangoti khofi watuluka thukuta.

Tsono mwana wawo Marita anakwatiwa ndi a Kingsley, kalaliki wa pa esiteti wochokera kutali, ndipo anamanga pamudzi pomwepo. Mwambo wake mukuudziwa: mpongozi ndi mkamwini sakhalirana pafupi, sayang'anizana, akakumana m'njira wina amapatuka. Moti zaka zonsezi awiriwa sanachezepo. Chinkawayankhulira ndi chitini chakale cha mkaka. Khofi akatha, Marita ankabwera nacho chili mbee, amake n'kuchidzaza. Chikabwera msanga, mayiwa ankadziwa kuti akamwini awo akondwa, ndipo tsiku limenelo ankasesa pabwalo akuimba.

Mavuto anabwera pa minibasi. Mai Mildred, amake a Kingsley, anabwera kudzaona zidzukulu, n'kupeza mwana wawo akutsuka mbale, mkazi wake ali kumsika ku Goliati. Bambo wamkulu, kalaliki wathunthu, manja ali m'beseni! Mayiwo sanakhale n'komwe pansi. Anayamba kufwanthula m'nyumba, natsegula chitini chija, naona njere zili nyezinyezi. Anapisamo chala, chinatuluka chili ndi mafuta.

"Ndinadziwa ine! Khuzumule uyu! Mwana wanga akumumwetsa mankhwala kuti apuse."

Mai Lestina atamva anangoti kukamwa yasa.

"Ine? Ine wa Mvano weniweni? Mankhwalawo ndikawatenge kuti, poti wa mutu yemwe ndimachita kupempha kwa aneba?"

Koma nkhani inakula. Mai Mildred analumbira kuti sabwerera kwawo mpaka mwana wawo atalongedza, akapemphe nyumba ku esiteti, Marita atsale ndi amake ndi mankhwala awowo. Marita ankangolira. Chitini sichinabwerenso. A Kingsley nawo anangoti zii, m'mawa kuntchito, madzulo m'nyumba, ndipo Mai Lestina sakanatha kupita kukawafunsa maganizo awo, poti mwambo sulola. Chinawapweteka kwambiri n'chimenecho.

Tsiku lina Mai Lestina anawaitana Mai Mildred. "Asewele, khalani apa muone ndi maso anu."

Anakwecha chiwaya ndi mchenga pamaso pawo, nawagwiritsa njere zosakazinga.

"Pali mafuta apa?"

"Palibe."

"M'manja mwangamu?"

"Mulibe."

Anakazinga. Utsi unati tolo, onse awiri kutsokomola, misozi mbwembwembwe. Njere zitada, mafuta aja anatuluka okha, poyera, dzuwa likuswa mtengo.

"Mwaonatu? Ndi akeake. Nanga mtedza mukaukazinga suchita mafuta?"

Mai Mildred anayang'anitsitsa m'chiwaya, napukusa mutu.

"Ndiye kuti munakwirira kumizu. Mankhwalawo ali mu mtengo momwemo."

Abale inu! Munthu wotere ungamuuze chiyani? Ukamuonetsa chiwaya athawira ku mtengo, ukanamuonetsa mtengo akanathawira ku mvula. Mai Lestina anapsa mtima, koma anaona kuti apa zatsala ziwiri, mitengo kapena banja la mwana wawo.

M'mawa mwake, a Kingsley atapita kuntchito, anatenga chikwanje. Msana womwe unakana tiyi uja tsiku limenelo unavomera. Ankadula akulalata, kulalatira asewele awo, kulalatira chiwaya, kulalatira ngakhale nkhuku zodutsa. Pa mtengo womaliza anaima kaye.

"A Overton, mundikhululukire. Zidzukulu zanu zisakule bambo wawo ali kwina."

Mai Mildred anabwera kudzayendera zitsa chimodzichimodzi, nati tsopano mtima wawo wakhala pansi. Masana omwewo anakwera minibasi, atanyamula ndi mkoko wa nthochi womwe Mai Lestina anawapatsa, poti mlendo sabwerera chimanjamanja ngakhale akhale wotani.

Dzuwa likupendeka, Marita anatulukira mutu uli pansi, chitini chili m'manja.

"Akamwini anu akuti mudzaze."

"Akuti chiyani?"

"Akuti za mankhwalazo iwo sanazikhulupirire ndi pang'ono pomwe. Amangodikira amayi awo apite. Akuti mbale anayamba kutsuka ali kusukulu. Za mitengo sindinawauze, ndasowa poyambira."

Mai Lestina anadzuka. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, nayang'ana akamwini awo, omwe anali atakhala pakhonde, maso ndi maso, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire.

"A Kingsley! Masiku onsewa pakamwa munalibe?"

Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba kwa akamwini awo. Bambowo anaimirira, navula chipewa.

Mayiwa anabwerera m'khitchini, natenga khofi wotsala uja anakazingira asewele, namukhuthulira m'chitini. Khofiyo sanakwirire n'komwe pansi pake.

"Kawauze amwe pang'onopang'ono," anamuuza Marita. "Zitsazo zidzaphuka, koma pomwe zizidzabereka mwina ine ndidzakhala ndili kwa a Overton."