Dzino limene khwangwala sadzabweza

Lachiwiri lapitali ndinapempha kuntchito, n'kukwera minibasi, imene kuno ku Nairobi amati matatu, ndi mwana wanga Tiyamike kuchoka ku Umoja kupita kwa dokotala wa mano ku Lavington. Tsaya linali litamutupa masiku atatu. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Dokotalayo, bambo wa imvi wa konkuno ku Kenya, anangoyang'ana kamodzi. Dzino lachibwano linali litabowoka mpaka pansi. Ndinafunsa ngati angalimate. Anapukusa mutu: lozula basi. Ndipo silinali la ubwana lija loti likaguluka lina limamera.

Podikira kuti jekeseni igwire, anafunsa zimene mwanayu amadya. Ndinayankha monyadira, sindibisa. Tiyi wa masupuni atatu a shuga m'mawa, soda Lamlungu, ndi maswiti, amene kuno amati peremende, omwe ndimamugulira pakiyosiki tsiku lililonse ndikaweruka.

Apo m'pamene anandisimbira zimene anaphunzira kusukulu ya udokotala. Akuti azungu oyamba kukakhazikika ku America mano ankawathera akadali achinyamata. Shuga ankabwera pa zombo, ndipo wopeza bwino ndiye ankamudya kwambiri. Madokotala a mano kunalibe. Dzino likawawa, munthu ankapita kwa wometa tsitsi kapena wosula zitsulo, n'kumuzula opanda choletsa ululu. Olemera ankavala mano osema ku minyanga. Chonsecho eni dziko amene anawapeza, osadziwa shuga, mano awo anali abwinoko.

Iye ankanena za anthu amakedzana. Ine ndinkamva za m'nyumba mwanga.

Chaka chatha bambo anga anabwera kudzationa. Kumsika wa ku Ngong anaona timitengo totsukira mano. Wogulitsa anati mswaki, iwo anati mswachi, onse n'kuseka ngati abale. M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde akutafuna kamtengo kawo, Tiyamike pambali ali ndi kake. Anansi akudutsa, akuyang'ana. Manyazi anandigwira. Ndinamulanda mwanayo kamtengoko n'kukataya, ndikuti kuno n'kutauni, ali ndi mswachi wa kusitolo. Ngati ankaugwiradi mswachi wa kusitolowo, sindinalondolepo. Kugula ndinagula, ndiye ndinayesa ndamaliza.

Bambo mpaka lero amakukuta chimanga chokazinga ndi mano awoawo.

Anzanga amene tinakula shuga tikumuona pa Khirisimasi pokha, tivomere. Titayamba kulandira malipiro, shuga tinamusandutsa ulemu. Mlendo timamuthirira mpaka tiyi achite ngati uchi, kuopa kuti angakanene kuti ndife oumira. Popita kumudzi patchuthi, choyamba kulowa m'sutikesi ndi mapaketi a shuga. Mwana akalira, switi. Akakhoza mayeso, switi. Kodi timadyetsa mwanayo, kapena timadyetsa njala yathu yakalekale?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Azungu aja anaphunzira ndi chitsulo cha wosula. Ife nkhani yawo ilipo kale, koma tikudutsa njira yomweyo, n'kumati n'chitukuko.

Atazula, Tiyamike anapempha dzino lake. Dokotala analikulunga m'kapepala. Kwathu mwana akagula dzino amaliponya padenga, n'kuuza khwangwala kuti atenge lakalelo abweretse latsopano. Mano ake onse aubwana amene anaguluka anachita nawo choncho, ndipo onse anamera.

M'matatu, thonje lili m'kamwa, anandikoka malaya.

"Ababa, akhwangwala a ku Nairobi amamva Chichewa?"

Ndinati amamva.

Titafika analiponya. Ndinalimva likugubuduzika padenga mpaka linaima. Dzulo ndinamuona pagalasi, akufufuza malowo ndi lilime. Anati usinini ukuyabwa, ndiye kuti layamba kumera.

Maswiti ndasiya kugula, ndipo Loweruka ndipita ku Ngong kukafuna timitengo tija. Koma zoti dzino limenelo silidzameranso, kumuuza sindinamuuzebe. Inu mukanayamba ndi mawu ati?