Chala Chimene Ndimaitanira Mwana Wanga

Zinayamba ndi kadontho ka magazi. Linali Lachiwiri, nyengo ya mwera, ndikutumbula kampango kuseri kwa nyumba yathu ku Liwaladzi, pamene munga wake unandibaya chala cha mkombaphala cha kumanja. Ndinayamwa magaziwo, n'kulavula, n'kupitiriza ntchito. Wogulitsa nsomba akamalira ndi munga uliwonse, ana ake adya chiyani?

Pofika Lachisanu chala chinali chitatupa, chikugunda ngati muli mtima wachiwiri. Ndinachiviika m'madzi otentha amchere, ndinathirapo parafini monga anandilangizira anzanga a pamsika, n'kumanga kansanza. Ndine munthu wamakani, sindibisa.

Koma chala chimenechi kwathu si chogwirira mpeni chokha. Mwana wanga Zione, namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anabadwa wosamva. Iye ndi ine timalankhula ndi manja, zizindikiro zina zopanga tokha pakhonde, zina zimene anabwera nazo kusukulu. Dzina lake ndimalitchula popinda mkombaphala n'kugogoda pachibwano kawiri, pamene iye ali ndi kachipsera. Chala chitakana kupindika, ndinasowa chomuitanira. Dzanja lamanzere linkayesa, koma Zione ankangokwinya nkhope, osamvetsa chimene ndikunena.

Ndi iyeyo amene anaona mzere wofiira ukukwera mkono wanga. Thupi linali litatentha, m'khwapa mutatuluka mwanabere. Lolemba m'mawa anandikokera kumsewu, n'kuimitsa yekha minibasi.

Kuchipatala tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Dokotala atamasula kansanza kaja anapukusa mutu.

"Mayi, mwachedwa. Mafinya alowa m'njira ya mtsempha. Tiyesetsa, koma chikayamba kuda tidzachidula."

Ndinachita mantha kwambiri. Zione anandigwedeza phewa kuti ndimuuze zimene anena, koma ndinalibe chala chomuuzira.

Anang'amba chalacho tsiku lomwelo n'kutulutsa mafinya. Ndinagonekedwa masiku asanu ndi anayi, mkono utapachikidwa m'mwamba, mankhwala akulowa m'dilipi. M'mawa uliwonse namwino ankabwera kudzatsuka bala, ndipo tonse atatu tinkasuzumira kuona mtundu wa chala. Zione ankandiphikira, kundisambitsa, kenako n'kukhala pambali panga manja ali pamiyendo. Chibadwire chake sitinakhalepo chete chotero.

Namwino ameneyo sindidzamuiwala. Zala zake zinali zopepuka, zodziwa pamene pakupweteka ndisananene. Tsiku lachinayi anandigwiritsa mkono wanga pansi pa chigongono.

"Gwedezani zala zinazo, amayi. Mwamva kukuyenda? Mphamvu yopinda chala imachokera kuno. Mitsempha imakoka ngati zingwe za khoka. Chingwe chanu sichinaduke."

Ndinadabwa. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndikuyenda ndi zala, osadziwa kuti zimakokedwa kuchokera kutali choncho, osawerengako timafupa take, titatu pachala chilichonse, tiwiri pachala chachikulu. Ndinayamba kuyang'ana manja a anthu m'wodi muja. Mayi wina ankaluka tsitsi la mnzake osayang'anako. Agogo ena a Chisilamu ankawerengera mapemphero awo pa mfundo za zala, milomo ikungonjenjemera. Ndinazindikira kuti Mulungu anaika luso lalikulu pa tinthu tating'ono timene timangopukutira pachitenje.

Chala sichinade. Ananditulutsa chili gwa, n'kundiuza kuti ndizichipinda pang'onopang'ono tsiku lililonse, ngakhale chipweteke. Zione anasanduka mphunzitsi wanga, ndipo analibe chisoni. Ndikafuna kuzemba ankandilanda mpeni, n'kundikhazika pamphasa. Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma makani okha uyu anatengera kwa ine.

Patatha milungu isanu ndi umodzi, masana ena iye akuyanika usipa pathandala, chala chinapindika. Ndinaponda pansi mwamphamvu kuti kugwedezekako kumucheutse, n'kugogoda pachibwano kawiri. Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka misozi, kenako anayankha ndi manja.

"Amayi, chala chanu chili ndi chibwibwi!"

Chibwibwicho chilipo mpaka lero. Chala sichiwongoka bwinobwino, ndipo kukazizira chimawawa. Koma ndikutumbula nsomba, ndipo ndi Zione timakangana ngati kale.

Anzanga a kunyanja, munga ukakubayani, chala n'kutupa kapena kukana kupindika, musadikire Lolemba. Siyani parafini, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinatsala pang'ono kutaya dzina la mwana wanga chifukwa cha kampango mmodzi.